Laisensi yalola, nanga galimoto ikwanitsa?

Sabata ino ndikamba za galimoto. Musaseke kuti namwino wopuma ntchito adziwa chiyani za magalimoto, pakuti nkhani yake ndi ya sikelo, ndipo sikelo ndagwira nayo ntchito zaka zoposa 30.

Mwana wanga wamkazi amakhala ku England ndi mwamuna wake komanso ana atatu. Inenso ndidagwirako ntchito ya unamwino kumeneko kuyambira 2003 mpaka pomwe ndidapuma n'kubwerera kumudzi. Tsiku lina chakumadzulo foni idalira pa WhatsApp. Adali mkamwini, chimwemwe chili tayale.

"Amayi, tapeza kalavani yotchipa. Tchuthi cha ana chikubwerachi tikagona kunyanja ku Wales. Za mahotela taiwala."

Kwa inu amene simudaionepo, kalavani ya kumeneko si ngolo yotutira chimanga ayi. Ndi kanyumba ka matayala, muli mabedi, mbaula ya gasi, sinki ndi chimbudzi. Mumakakoka ndi galimoto n'kukakaimika pamalo okonzedwera zimenezi. Banja la anthu asanu likalowa m'hotela ndalama zimatha ngati mchere m'madzi, n'chifukwa chake mabanja ambiri amakonda kalavani.

Ndidafunsa funso limodzi lokha: "Bambo, kalavaniyo ikulemera bwanji, nanga galimoto yanu ikulemera bwanji?"

Kudali zii. Kenako adati, "Amayi, lamulo lidasintha. Laisensi yanga ikundilola kukoka mpaka makilogalamu 3,500."

Sadaname. Koma adayankha funso lomwe sindidafunse.

Zomwe laisensi imalola

Tiyambe ndi pepalalo. Amene adakhoza mayeso oyendetsa galimoto ku Britain lisadafike 1 January 1997 amaloledwa kuyendetsa galimoto ndi ngolo zolemera mpaka makilogalamu 8,250 zonse pamodzi. Amenewo ndi a msinkhu wangawu. Ana athu ambiri ali m'gulu lachiwiri, la okhoza kuchokera tsiku limenelo kubwera kuno.

Kwa zaka zambiri gulu lachiwirili linkaloledwa ngolo ya makilogalamu 750, kapena yolemera kuposa apo pokhapokha ngati galimoto ndi ngoloyo pamodzi sizikupyola 3,500. Wofuna kupyola apo ankalemba mayeso ena a gulu la BE. Pa 16 December 2021 lamuloli lidasintha ku England, Scotland ndi Wales. Tsopano aliyense wa laisensi yonse ya galimoto yaing'ono akhoza kukoka ngolo yofika makilogalamu 3,500 popanda mayeso ena. Ku Northern Ireland sadasinthe, mayeso aja akadalipo.

Koma mudziwe chomwe adasinthira. M'chaka cha 2021 dzikolo lidasowa madalaivala a malole, ndiye boma lidafuna kuti oyesa madalaivala apeze mpata woyesa a malolewo. Sikuti kukoka kalavani kudaphweka. Chidachoka ndi mayeso basi, ngozi idatsala pomwepo.

Kwa inu ongopita kumene, laisensi ya ku Malawi kapena ya ku Zambia imagwira ntchito miyezi 12 yokha kuchokera pomwe mwakhazikika m'dzikolo, kenako muyenera kulemba mayeso a komweko. Ya ku Zimbabwe ndi ya ku South Africa ndi yomwe imatheka kusinthitsa. Ndipo munthu amene akadali pa laisensi yophunzirira saloledwa kukoka ngolo ina iliyonse.

Zomwe galimoto imalola

Kuwodi ya ana sitinkapereka mankhwala poona nkhope. Mwana tinkayamba tamuika pasikelo, kenako n'kuwerengera mlingo wake. Botolo likhoza kunena kuti wamkulu amwe mapiritsi awiri, koma awiri omwewo ukampatsa khanda walakwira moyo. Laisensi ili ngati zolemba za pabotolo zija. Galimoto yanu ndiye mwana wofunika kumuyeza.

Ndidamuuza mkamwini kuti atuluke panja, atsekule chitseko cha galimoto, ayang'ane pafelemu. Magalimoto ogulitsidwa ku Ulaya amakhala ndi kachitsulo kapena kapepala komata pamenepo, ena pansi pa boneti, kolembedwa manambala anayi a kulemera. Yoyamba ndi kulemera konse komwe galimotoyo imaloledwa kufika itanyamula anthu, mafuta ndi katundu. Yachiwiri ndi kulemera kwa galimoto ndi ngolo pamodzi. Ziwiri zotsalazo ndi za ekiselo yakutsogolo ndi yakumbuyo.

Pa galimoto ya mkamwini padalembedwa 1,950 ndi 3,250. Mukachotsa yoyamba pa yachiwiri patsala 1,300. Amenewo ndiwo makilogalamu omwe galimotoyo ingakoke itadzaza. Buku la galimoto lotchedwa V5C nalonso nthawi zambiri limaonetsa malire a ngolo ya mabuleki ndi yopanda mabuleki. Ngati pamzere wachiwiri paja palibe nambala, dziwani kuti opanga sadaivomereze kukoka chilichonse.

Kalavani nayo ili ndi kachitsulo kake pafupi ndi chitseko. Nambala yofunika ndi yomwe amailemba kuti MTPLM, kutanthauza kulemera kwake konse itapakiridwa mpaka pa malire. Ya kalavani yotchipa ija idali 1,500. Ndiye kuti idapyola mphamvu ya galimoto ndi makilogalamu 200. Laisensi idalola, galimoto idakana.

Mlingo wa 85

Pali nambala yachitatu. Iyi si lamulo la boma, ndi langizo la mabungwe awiri akuluakulu a eni makalavani, Caravan and Motorhome Club ndi Camping and Caravanning Club. Iwo amati munthu wongoyamba kumene asakoke kalavani yolemera kupyola magawo 85 pa 100 alionse a kulemera kwa galimoto yopanda anthu ndi katundu, komwe pa Chingerezi amati kerbweight. Wozolowera akhoza kufika pa 100, koma osapyola.

Chifukwa chake n'chosavuta. Mwana akagwira chingwe cha ng'ombe yaikulu, wokoka mnzake ndani? Kalavani ikalemera kuposa galimoto, pamtsetse imakankha. Lole ikakudutsani kapena mphepo ikaomba cham'mbali, imayamba kugwedera uku ndi uku ngati mchira wa njoka, ndipo galimoto yopepuka imangotsatira. Ikatembenuzika kalavani, kawirikawiri imatenga ndi galimoto yomwe. M'galimotomo ndi momwe muli ana.

Galimoto ya mkamwini yopanda kanthu inkalemera 1,400. Magawo 85 a nambala imeneyo ndi 1,190. Tsono taonani manambala atatu aja: laisensi 3,500, galimoto 1,300, mlingo wa wongoyamba 1,190. Pa atatuwa muzimvera yaing'ono kwambiri. Kalavani ya 1,500 idafunika galimoto ya makilogalamu pafupifupi 1,765. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kutchipa kuja kukadawagulitsa galimoto ina yaikulu, kapena kuwagoneka m'chipatala.

Posankha galimoto

Choyamba, musagule chimodzi musadadziwe chinzake. Khalani pansi awiri, muwerenge kuti mukufuna mabedi angati, muone kulemera kwa makalavani a mabedi amenewo, kenako muzifuna galimoto yogwirizana nawo. Nambala ya MTPLM mukaigawa ndi 0.85 mupeza kulemera kwa galimoto yomwe mukufunika.

Chachiwiri, musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Magalimoto awiri a dzina limodzi ndi maonekedwe amodzi amatha kusiyana malire chifukwa cha injini ndi magiya. Werengani kachitsulo ka galimoto yomwe mukugulayo, osati ya mnzanu.

Chachitatu, onani malaisensi onse awiri. Ngati mayi adakhoza mayeso pa galimoto yosintha yokha magiya, laisensi yawo siwalola kuyendetsa ya giya yapamanja. Paulendo wautali bambo akhoza kutopa kapena kudwala. Gulani galimoto yomwe nonse mungathe kuibweza kunyumba.

Chachinayi ndi mafuta. Injini ya dizilo imakoka bwino ndipo simwa kwambiri ikalemedwa. Koma okhala ku London akumbukire kuti kuchokera pa 29 August 2023 dera lolipiritsa magalimoto a utsi wambiri lidafalikira mzinda wonse, ndipo dizilo yakale, makamaka ya chisadafike chaka cha 2015, imalipira mapaundi 12.50 tsiku lililonse yomwe yayenda. Magalimoto a magetsi ena saloledwa n'komwe kukoka, ndipo omwe amaloledwa batire yake imatha msanga, mtunda umatsika mwina ndi theka.

Chachisanu ndi chitsulo chokokera chakumbuyo. Pa galimoto yolembetsedwa kuchokera pa 1 August 1998 chitsulocho chiyenera kukhala chovomerezeka, chokhala ndi chizindikiro chake. Za kukawotcherera kwa mnzanu wa mugalaja iwalani. Chitsulocho chilinso ndi malire a kulemera komwe mphuno ya kalavani ingatsamire pa icho, ndipo amalembedwa m'buku la galimoto. Mphunoyo iyenera kulemera magawo 5 mpaka 7 pa 100 alionse a kalavani yopakira, koma osapyola malire a chitsulocho. Mukhoza kuyeza ndi sikelo ya kubafa ndi kamtengo.

Katundu wathu uja

Apa ndiye pamatigwetsa ife Amalawi. Sitidziwa kuyenda ulendo opanda thumba la ufa, mapoto, mpunga ndi zofunda za mudzi wonse. Komatu makalavani ambiri a kumeneko malo a katundu amangotsala makilogalamu 150 kapena kuposerapo pang'ono. Muikemo mabotolo a gasi, batire, tenti yakhonde ndi njinga za ana, mwatha kale. Madzi lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho matanki muzikhuthula musadanyamuke.

Zolemera muziika pansi, pamwamba penipeni pa matayala. Zikakhala kumbuyo kwenikweni, mphuno imapepuka ndipo kugwedera kuja kumayamba msanga. Musadapite ulendo woyamba, pitani pasikelo ya magalimoto yomwe anthu wamba amaloledwa, mulipire kangachepe, mudziwe zoona zake. Ndipo munthu asakwere m'kalavani ikamayenda, ngakhale mwana alire chotani. Lamulo limaletsa.

Pamsewu

Wokoka kalavani sapyola mamailo 60 pa ola pamisewu ikuluikulu, ndi 50 pamsewu wamba wakunja kwa tauni. Pa motorway ya mizere itatu kapena kuposa saloledwa kulowa mzere wakumanja kwenikweni. Ku Wales, komwe ankafuna kupita ana angawa, misewu yambiri ya m'malo okhala anthu ndi ya mamailo 20 kuchokera mu September 2023.

Ngolo yopyola makilogalamu 750 iyenera kukhala ndi mabuleki ake, ndi kawaya komwe kamawamanga ikaduka pa galimoto. Kalavani ikakula m'mbali kuposa galimoto, muikenso magalasi otalikitsa. Kupanda kutero chindapusa chimafika mapaundi 1,000 ndi mapointi atatu pa laisensi. Apolisi akapeza kuti galimoto ndi ngolo zili moika moyo pachiswe, chimafika 2,500, mwinanso kulandidwa laisensi. Ndipo amene adakhoza mayeso posachedwa, mapointi 6 okha m'zaka ziwiri zoyambirira laisensi imafafanizidwa, n'kuyambiranso mayeso. Ana athu ambiri kumeneko ntchito yawo ndi yoyenda khomo ndi khomo kusamalira okalamba. Laisensi ikapita, ntchito imagwedera, ndi ndalama yotumiza kumudzi yomwe. Nayo inshuwalansi ikhoza kukana kulipira ikapeza kuti mudapyola malire.

Ikayamba kugwedera kalavani, musaponde buleki mwamphamvu ndipo musaonjezere moto. Chotsani phazi pang'onopang'ono, gwirani chiwongolero chilunjike, liwiro litsike lokha. Matayala a kalavani amaoneka atsopano chifukwa sayenda kwambiri, koma amakalamba ali chiimire. Akakwana zaka zisanu asinthidwe, ndipo asapyole zisanu ndi ziwiri. Pomaliza, ili ndi pempho la namwino: m'kalavani muikemo kachipangizo kolira kakamva mpweya woipa wa carbon monoxide. Mpweyawu ulibe fungo. Ndi womwe uja umapha anthu ogona ndi mbaula ya makala m'nyumba yotseka mwezi wa June.

Mmene idathera

Mkamwini adakhala sabata yathunthu osaimba foni. Ndidadziwa kuti mawu a apongozi awawa. Mwana wanga ndi amene ankandiuza kuti usiku uliwonse bambo ali pathebulo ndi pepala ndi cholembera. Kalavani yotchipa ija adaisiya. Patapita miyezi adasinthitsa galimoto yawo n'kupeza ina yogwiritsidwapo kale ntchito, yolemera 1,600, yololedwa kukoka 1,800. Kalavani adapeza ya mabedi asanu ya 1,350. Onse awiri adakachita maphunziro a kakokedwe omwe mabungwe aja amachititsa, ngakhale lamulo silikakamiza.

Atafika ku Wales adanditumizira chithunzi, adzukulu ali mumchenga, kalavani ili poteropo. Pansi pake mkamwini adalemba mawu ochepa: "Amayi, tafika bwino. Ufa tidatenga wa makilogalamu asanu okha."

Makolo anzanga, mwana akakuimbirani kuchokera kunja kuti wagula chakuti, kondwerani naye, koma musaope kufunsa. Safunsa adadya phula. Ndipo inu maanja, musadapereke ndalama lembani manambala atatu papepala: ya laisensi, ya pachitseko cha galimoto, ndi ya mlingo wa 85. Yaing'onoyo ndiyo yanu.

Tionanenso Lamulungu likudzali.