Fodya, Chiwaya ndi Mwendo wa Mwana: Zodabwitsa 8 za Aphungu a ku America

Mukuganiza kuti ntchito ya phungu n'kugula mabokosi a maliro basi? Khalani pansi. Ku America kuli aphungu amene anamenyera nkhondo ana odwala ndi ndalama za kafukufuku wa matenda, ndipo njira zimene anadzera n'zosayembekezeka. Werengani, madzulo ano mukagometse anzanu.

1. Opaleshoni m'mawa, ukwati tsiku lomwelo. Pa 17 Novembala 1973, madokotala ku Washington anadula mwendo wamanja wa Teddy, mwana wazaka 12 wa seneta Ted Kennedy, chifukwa cha khansa ya m'mafupa. Tsiku lomwelo bamboyo anachoka kuchipatala n'kukaperekeza Kathleen, mwana wa malemu mkulu wawo Robert, pa ukwati wake kutchalitchi. Nanga mnyamatayo? Anachira, anakula, ndipo mu 2014 anasankhidwa kukhala seneta m'chigawo cha Connecticut.

2. Phungu anaphunzira ndale podikirira matenda. Teddy ankalandira mankhwala oyeserera ku Boston, olipiriridwa ndi ndalama za kafukufuku. Kafukufukuyo atatha, makolo a ana ena anauzidwa kuti azilipira okha. A Kennedy, mwana wa m'banja la mpondamatiki, ankamva makolo anzawo akufunsa madokotala ngati mwana angachire atangolandira theka la mankhwala. Funso limeneli analinyamula mpaka imfa yawo mu 2009. Chinawapha n'chiyani? Khansa yomweyo, koma ya mu ubongo.

3. Mnzawo wapamtima anali mdani wawo. Taganizani kuti anawathandiza a Kennedy ndani. Orrin Hatch wa ku Utah, wa chipani cha Republican, Mmormoni wosalawa mowa, fodya ngakhale khofi. Iwo ankanena poyera kuti anapita ku Senate kukalimbana ndi Ted Kennedy wa Democratic, munthu amene botolo sankalithawa. Koma mu 1997 awiriwa anagwirana manja n'kubereka inshulansi ya ana yotchedwa CHIP, ya mabanja amene si osaukitsitsa koma sangakwanitse kulipira chipatala. Ubale unafika poti a Hatch, amene ankapekanso nyimbo, anapekera a Kennedy ndi akazi awo nyimbo yachikondi.

4. Wosuta ndiye amalipira dokotala wa ana. Ndalama za CHIP anazipeza kuti? Pa ndudu! Anakweza msonkho wa fodya. Mu 2007 pulezidenti George W. Bush anakana kawiri kusayina bilu yokulitsa pulogalamuyi. Barack Obama anasayina mu Febuluwale 2009, asanathe ngakhale mwezi pampando, ndipo msonkho wa boma pa paketi ya ndudu unadumpha kuchoka pa masenti 39 kufika pa $1.01. Lero ana pafupifupi 7 miliyoni ali pa CHIP. Chimene chimawononga mapapo a akuluakulu chikuchiza ana.

5. Mankhwala a ana ankangoyerekeza. Kwa zaka zambiri mankhwala ochuluka amene ana ankapatsidwa anali asanayesedwepo pa ana. Dokotala ankangotenga mlingo wa munthu wamkulu n'kuuchepetsa potengera sikelo ya mwana. Maseneta Chris Dodd ndi Mike DeWine, a zipani zosiyananso, anakankha lamulo la 2002 lokhala ndi nyambo: kampani ikayesa mankhwala ake pa ana, imawonjezeredwa miyezi 6 yogulitsa yokha popanda opikisana nayo. Chifundo chitalephera, phindu linagwira ntchito.

6. Voti imodzi, madola 10 biliyoni. Pakati pa 1998 ndi 2003, bajeti ya NIH, bungwe la boma loona za kafukufuku wa matenda, inawirikiza kawiri kufika pa madola 27 biliyoni. Ena mwa amene anakankha anali maseneta Arlen Specter ndi Tom Harkin. Mu 2009, boma la Obama likusowa mavoti a bilu yotsitsimutsa chuma, a Specter, amene anadwalapo khansa ya Hodgkin, anaika mtengo pa voti yawo: madola 10 biliyoni apite ku NIH. Anapatsidwa. Chipani chawo cha Republican chinakwiya, ndipo mu Epulo chaka chomwecho iwo anawolokera ku Democratic. Mpando sanaluze tsiku limenelo: kumeneko kulibe Sekishoni 65.

7. Mtsikana wa chiwaya analanda ndalama za andale. Gabriella Miller wa ku Virginia anauzidwa kuti chotupa cha mu ubongo wake n'chachikulu ngati mtedza wa walnut. Iye anayamba kuphwanya mtedzawo ndi chiwaya, uku akudzudzula andale kuti amangolankhula osachita kanthu. Anamwalira mu Okutobala 2013 ali ndi zaka 10. Eric Cantor, mtsogoleri wa aphungu a Republican, anatsogolera lamulo la dzina lake, limene linasayinidwa mu Epulo 2014. Madola 126 miliyoni anapita ku kafukufuku wa matenda a ana kwa zaka 10. Anachokera kuti? M'thumba limene boma linkalipirira makonivenshoni a zipani! A Cantor sanasangalale nthawi yaitali: mu Juni anagwa pa mapulaimale.

8. Ndalama za NIH zinafika mpaka ku Gulupu. Musati za ku America zokhazokha. Kwa zaka zambiri madokotala ankadabwa kuti malungo a mu ubongo amapha bwanji ana. Gulu la Dr Terrie Taylor, mothandizidwa ndi NIH, linajambula mitu ya ana 168 ndi makina a MRI pachipatala cha Queen Elizabeth (Gulupu) ku Blantyre. Zotsatira zinatuluka mu 2015: mwa ana 25 amene anamwalira, 21 ubongo wawo unali utatupa kwambiri. Ubongo ukatupa umapanikiza mbali imene imayendetsa kupuma, mwana n'kusiya kupuma. Voti inaponyedwa ku Washington, yankho linapezeka pa Ginnery Corner. Kamuuzeni mnzanu, mumuone ngati akhulupirire.