Alma Taylor ankasewera osatulutsa mawu

Mnyamata wina woonetsa mafilimu m'kanyumba ka vidiyo ku Ulongwe anandifunsa ngati n'zoona kuti mafilimu oyambirira analibe mawu. N'zoona. Inenso poyamba sindinkamvetsa kuti munthu angatchuke bwanji pakamwa pakungoyenda, mawu osamveka.

Tengani Alma Taylor, wobadwira ku London mu 1895. Anayamba kusewera m'mafilimu ali kamtsikana pa kampani ya Cecil Hepworth ku Walton-on-Thames, ndipo kuyambira 1910 iye ndi Chrissie White anatchuka posewera atsikana awiri opulupudza m'mafilimu oseketsa a Tilly. Kamera ya nthawiyo inkapukusidwa ndi dzanja ndipo inkagwira zithunzi zokha. Mawu ochepa ofunika ankawalemba n'kuwaonetsa pakati pa zithunzizo, kwinaku munthu akuimba piyano m'holo yoonetseramo filimuyo.

Kwa ife a ku Angónia izi si zachilendo. Gule akatuluka pabwalo safotokoza nkhani, koma tikaona mapewa, kapondedwe ndi mmene watembenukira kwa oimba ng'oma, timadziwa ngati wakwiya kapena akunyoza waulesi. Ntchito ya Taylor inali yomweyo: maso, manja, kaimidwe. Ine ndimaiona kuti inali yovuta kuposa ya osewera a lero.

Chondiwawa n'chakuti mafilimu ake ambiri kulibenso. Kampani ya Hepworth itagwa mu 1924, mafilimuwo anawasungunula kuti achotsemo siliva wogulitsa. Taylor anapitiriza kusewera mbali zing'onozing'ono m'mafilimu olankhula mpaka m'ma 1950, ndipo anamwalira mu 1974.