Masamu a Moto wa Lupsa

Pa tchuthi chapitachi ndidali kwathu ku Simlemba, kumpoto kwa boma la Kasungu. Tsiku lina masana anyamata osaka mbewa adayatsa tchire kudambo, ndipo moto udayamba kulunjika ku chigafa chathu choyanikamo fodya wa bale. Bambo anga adati, "Thamanga ukaone ngati tili ndi nthawi yolambula udzu." Ine, pokhala wa Fomu 3 wodzimva kuti masamu ndimawadziwa, ndidawerenga mapazi amene moto udayenda pa mphindi imodzi pamalo owongoka, nkuwauza kuti nthawi ilipo yambiri. Ndidalakwa. Moto udafika msanga, ndipo pakadapanda anansi amene adabwera ndi nthambi zaziwisi, chigafacho chikadapsa. Nditabwerera kuno ku seminale ndidafufuza pamene ndidaphonya, ndipo ndafuna ndikugawireni, anzanga ndi inu makolo athu.

M'kalasi timaphunzira za avereji. Mukaponya ndalama m'mwamba kamodzi simungadziwe mbali imene igwere, koma mukaponya kachikwi, mbali ziwirizi zimatsala pang'ono kufanana. Jacob Bernoulli wa ku Switzerland ndiye adatsimikiza lamuloli, m'buku lake limene lidatuluka m'chaka cha 1713. Ine ndidaganiza kuti moto nawo ndi chimodzimodzi: apa udzu ndi wowirira, apo ndi wapatalipatali, ndiye kufulumira kwa apa ndi kuchedwa kwa apo zidzafafanizana.

Koma yang'anitsitsani mzere wa moto. Pali zinthu zitatu zimene zimaulamulira. Choyamba ndi zamwadzidzidzi: kamphepo, chulu, malo amene mbuzi zidadya udzu. Izi zimaukhotetsa mzerewo. Chachiwiri ndi kusalaza: kachigawo kotsalira m'mbuyo kamalandira kutentha kuchokera mbali ziwiri, choncho kamapsa msanga nkuwapeza anzake. Chachitatu, chimene ine sindidachidziwe, ndi kupendekeka. Moto umadya udzu umene wayang'anizana nawo. Tsono pamene mzere wapendekeka, moto umadya chammbali, ndipo mukayeza molunjika kutsogolo mupeza kuti wapita patali. Ngati mzere wowongoka wayenda mapazi 10, mzere wopendekeka madigiri 45 umakhala utasuntha mapazi 14. Chodabwitsa nchakuti kaya wapendekera kumanja kaya kumanzere, kuwonjezerako nkofanana. Apa palibe kufafanizana ayi. Kukhota kulikonse kumawonjezera liwiro la mzere wonse.

M'chaka cha 1986 akatswiri atatu, Mehran Kardar, Giorgio Parisi ndi Yi-Cheng Zhang, adalemba zinthu zitatuzi mu ikweshoni imodzi, imene lero imatchedwa KPZ potengera zilembo zoyamba za maina awo. Ikweshoniyi imalosera kuti kukhotakhota kwa mzere kumakula pang'onopang'ono: kuti kuwirikize kawiri, nthawi iyenera kuwirikiza kasanu ndi katatu. M'chaka cha 1997 akatswiri a ku Jyväskylä m'dziko la Finland adatentha mapepala monyekanyeka, najambula mzere wa motowo, ndipo zimene adayeza zidagwirizana ndi ulosiwu.

Komabe padali vuto. Mzere wa mu ikweshoniyi ndi wokhakhala kwambiri mwakuti mukauyandikira kuti muyeze kupendekeka kwake, nambala imangokulirakulira popanda malire. Kwa zaka zoposa 20 anthu ankaigwiritsa ntchito pamene tanthauzo lake lenileni lidali lisanakhazikike bwino. Martin Hairer, wa ku Austria, adaonetsa njira yochotsera gawo lokula mopanda malirelo kuti chotsalacho chikhale ndi tanthauzo. Chifukwa cha ntchito yotere adalandira mendulo ya Fields mu mzinda wa Seoul m'chaka cha 2014. Pambuyo pake iye ndi Jeremy Quastel adatsimikiza kuti mizere yambiri yosiyanasiyana, malinga mphamvu ya kupendekeka ikhale yochepa, mukaiona muli patali ndiponso kwa nthawi yaitali imatsata ikweshoni yomweyi. Tizifukwa tonse ting'onoting'ono timasungunuka nkusanduka manambala owerengeka chabe. Zili ngati munthu woima pa phiri la Kasungu: saona tsinde la udzu limodzilimodzi, amangoona mzere wa utsi ukuyenda.

Ndisakunamizeni kuti masamuwa akufotokoza moto uliwonse. Mphepo yamkuntho ikamaulutsa mbaliwali kutsogolo, ngakhale kudumphitsa msewu, nkhani imakhala ina. Koma phunziro lake ndi lothandiza pamudzi. Musayeze moto pamalo amodzi owongoka monga ndidachitira ine, chifukwa mzere wonse umayenda mofulumira kuposa pamenepo, ndipo chimene chimayatsa denga ndi lilime limene latsogola, osati avereji. Lambulani udzu kuzungulira chigafa, nkhokwe ndi khola chilimwe chikangoyamba, moto usanaoneke nkomwe.

Nditawalembera kalata bambo anga kuwafotokozera zonsezi, yankho lawo lidali lalifupi. Adati iwo za KPZ sazidziwa, koma chaka chamawa ndikadzabwera ku tchuthi khasu lidzakhala likundidikira pakhomo.