Ayezi woyaka moto amene amatseka mapaipi a gasi

Mwezi wa Juni ukafika, anthu a pa boma la Mzimba ndi ku Jenda amadziwa kuti mphepo ya ku Chikangawa siyoseweretsa. Matanka a mafuta ochokera ku Dar es Salaam amakwawa m'nkhungu pa msewu wa M1, koma katundu wawo amafika bwinobwino. Malawi alibe paipi yaitali ya gasi, motero vuto limene limasowetsa tulo mainjiniya a ku Mozambique silinafike kuno.

Gasi wa methane akakumana ndi madzi m'paipi yozizira, momwe wapanikizika kwambiri, madziwo amaundana n'kumutsekera m'kati. Chimene chimapangika chimaoneka ngati ayezi, koma kuchiyandikizira machesi chimayaka. Akatswiri amachitcha hydrate. Sichidikira kuti kuzizire mpaka madigiri 0 ayi. Kupanikizika kukakula, chimaundana ngakhale pa madigiri 15. Mu 1934 E. G. Hammerschmidt wa ku America ndiye anatulukira kuti chimene chinkatseka mapaipi a gasi m'nyengo yozizira sichinali ayezi wamba.

Ntchito yaikulu ndi yolosera. Mainjiniya amayeza kutentha, kupanikizika, mtundu wa gasi ndi kuchuluka kwa madzi, kenaka kompyuta imajambula mzere wosonyeza pomwe ngozi ikuyambira, potsatira masamu amene asayansi van der Waals ndi Platteeuw anakonza mu 1959. Paipi ikamayandikira mzerewo, amathiramo methanol kapena glycol, amaikutira kuti isazizire, kapena amayamba aumitsa gasiyo. Nthawi yoopsa ndi pamene makina azimitsidwa, gasi n'kuima chiimire m'paipi yogona pansi pa nyanja yamchere, pomwe madzi amakhala pafupifupi madigiri 4. Kuchotsa chotsekacho nakonso n'kuika moyo pachiswe: akaphwetsa mbali imodzi yokha, chimafwamphuka ngati chipolopolo n'kung'amba paipi.

Mu 2010, chitsime cha mafuta cha kampani ya BP chitaphulika ku Gulf of Mexico, anatsitsa chivundikiro chachikulu chachitsulo kuti chitchinge mafuta otayika. Hydrate anachidzaza, ntchito n'kulephereka. Ku Cabo Delgado, m'dziko la Mozambique, sitima ya Coral Sul ya kampani ya Eni, yomwe inatumiza gasi woyamba mu Novembala 2022, imakoka gasi pa zitsime zimene zili pansi pa madzi akuya pafupifupi mamita 2,000, pomwe hydrate amatha kupangika.

Nanga nyanja ya Malawi, kumene kampani ya Surestream inapatsidwa chilolezo chofufuza mafuta mu 2011? Kumpoto kwake n'kwakuya mamita pafupifupi 700, kokwanira kupanikiza gasi. Koma madzi a pansi amakhala pa madigiri oposa 22, pamene methane pa kuya kotero amafuna madigiri 10 kutsika m'munsi kuti aundane. Si kuti mainjiniya angagone tulo: gasi akamatuluka mwamphamvu pa valavu yopapatiza amadziziziritsa yekha, ndipo pamenepo hydrate amatha kupangika ngakhale m'madzi ofunda.