Fulu Analetsa Mpikisano wa Njinga Zamoto ku America

Kuno kwathu munthu akagula galimoto kapena njinga yamoto amafunafuna mseu wabwino. Ku America kuli anthu zikwizikwi amene amagula zinthu zimenezi ndi colinga cothawa mseu. Pa masiku opumula amapita kuthengo kukazithamangitsa pamcenga, m'mapiri ndi m'mitsinje youma, kungosewera cabe. Funso limene lasautsa boma la kumeneko kwa zaka zoposa 50 ndi lakuti anthu amenewa azisewera pati.

Malo ambiri amene iwo amawakonda ndi a boma, ndipo amayang'aniridwa ndi bungwe la Bureau of Land Management. Kukula kwake ndi mahekitala pafupifupi 100 miliyoni, kuposa dziko lonse la Zambia. Popeza mwini wake ndi mtundu wonse, woweta ng'ombe, mlenje ndi wokwera njinga yamoto, aliyense amati ndi ake.

Mkangano unakula m'cipululu ca Mojave, m'cigawo ca California. Kuyambira mu 1967, kumapeto kwa mwezi wa November caka ndi caka kunali kucitika mpikisano wa njinga zamoto kucokera ku Barstow kukafika ku Las Vegas, mtunda woposa makilomita 200, osatsata mseu. Mu 1974 okwera anakwana 3,000. Tangoganizani fumbi lake.

Mlimi aliyense adziwa kuti pamene ngolo imadutsa kawirikawiri udzu umafa, ndipo mvula ikadza pamasanduka ngalande. M'cipululu zinthu zimaipa koposa, cifukwa mvula ndi yocepa ndipo zomera zimacedwa kubwerera. Mu Mojave momwemo, m'mene munadutsa akasinja a asilikali a General Patton pophunzira nkhondo mu 1942 mukali kuoneka mpaka lero.

Mu 1972 Pulezidenti Richard Nixon analamula mabungwe a boma kuti aonetse poyera malo amene magalimoto otere angalowe ndi amene sangalowe. Mu 1977 Pulezidenti Jimmy Carter anaonjezapo kuti malo amene ayamba kuonongeka kwambiri atsekedwe msanga. Motero malo anagawidwa patatu: ena otseguka konse, ena oyendamo m'njira zoikika zokha, ena otsekedwa.

Mpikisano uja unakanizidwa cilolezo mu 1975, koma unaloledwanso mu 1983. Amene anaugonjetsa kotheratu ndi fulu. Fulu wa m'cipululu amakhala nthawi yambiri ya moyo wake kuuna pothawa dzuwa, ndipo gudumu likaponda pamwamba, una umam'gumukira. Amatenga zaka ngati 15 asanayambe kuikira mazira, tero wamkulu mmodzi akafa, womlowa m'malo sapezeka msanga. Cinanso n'cakuti amasunga madzi m'cikhodzodzo, ndipo akaopsezedwa amawataya, mwina n'kufa ndi ludzu mvula isanabwere. Mu 1989 boma linamuika pa mndandanda wa nyama zotetezedwa ndi lamulo, ndipo mpikisano wa caka cimeneco unali wotsiriza.

Okwera njinga anadandaula kuti nawonso amakhoma msonkho. Pamenepo sananame, ndipo kuwaletsa paliponse kukanangowapititsa kumalo kumene kulibe wowaona. N'cifukwa cake kupatula malo kunali kwanzeru, ngakhale kuti malo opatulidwawo amapwetekeka zedi. Ena mwa malo otere ndi cigwa ca Johnson Valley, mu Mojave momwemo, kumene mpikisano wa magalimoto okwera m'matanthwe wochedwa King of the Hammers unayamba mu 2007. Koma nakonso sanakhale okha nthawi yaitali. Mu 2013 nyumba ya malamulo inadula mbali yaikulu ya cigwaco ndi kuipereka kwa asilikali a ku Twentynine Palms kuti aziphunzirirapo nkhondo, ndipo mbali ina inalamula kuti asilikali ndi okwera njinga azisinthana.