Kusankha Pulogalamu Yoyendetsera Kompyuta Yomwe Idzasamalidwe Zaka Zambiri

Alangizi a zaulimi amadziwa kuti mbewu yatsopano ikatulutsidwa, ntchito siithera pomwepo. Chimanga cha SR52, chomwe chidatulutsidwa m'chaka cha 1960 m'dziko lomwe lero ndi Zimbabwe, chidalimidwa zaka zambiri kaamba koti akatswiri adapitiriza kusunga mbewu za makolo ake kuti zisasakanikirane ndi zina. Pulogalamu yoyendetsera kompyuta imafunanso chisamaliro chotere. Pakapita nthawi mumapezeka zolakwika ndi mipata yolowera akuba, ndipo pafunika anthu oikonza. Anthuwo akaleka, kompyuta imayakabe monga kale, koma zonse zosungidwamo zimakhala pachiswe.

Nkhaniyi ikukhudza maofesi a zaulimi monga a ku Guruve, m'chigawo cha Mashonaland Central. Kuyambira m'chaka cha 2000, minda ikuluikulu ya fodya ndi chimanga, momwe munkagwira ntchito anthu ambiri ochokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, idagawidwa kwa alimi ambirimbiri. Motero maina a alimi, kaundula wa feteleza ndi zotsatira za minda yachitsanzo zidachuluka. Kampani ya Microsoft idasiya kusamalira Windows 10 pa 14 Okotobala 2025, ndipo makompyuta ambiri akale sangathe kulandira Windows 11. Ofesi yopanda ndalama zogulira makina atsopano ingathe kuikamo Linux, pulogalamu yaulere yomwe aliyense ali ndi ufulu woiona m'kati ndi kuikonza.

Mitundu ya Linux ilipo yambiri, ndipo uliwonse uli ndi lamulo lake la katulutsidwe ndi kasamalidwe. Debian, yomwe Ian Murdock adaiyambitsa mu 1993, imasamalidwa ndi anthu odzipereka a m'maiko osiyanasiyana. Gulu lake limatulutsa yatsopano pafupifupi zaka ziwiri zilizonse, pokhapokha itayesedwa mokwanira. Debian 12 idatuluka mu Juni 2023 ndipo Debian 13 mu Ogasiti 2025. Iliyonse imasamalidwa pafupifupi zaka 3, kenaka gulu lina limaitenga mpaka zaka zikwane 5.

Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth wa ku South Africa adaiyambitsa mu 2004, idamangidwa pa Debian koma imatsata kalendala. Yatsopano imatuluka mu Epulo ndi mu Okotobala chaka chilichonse, ndipo zambiri mwa izi zimasamalidwa miyezi 9 yokha. Yolembedwa kuti LTS imatuluka mu Epulo zaka ziwiri zilizonse, ndipo imasamalidwa mwaulere zaka 5. Ubuntu 24.04 LTS idzasamalidwa mpaka 2029, pamene chisamaliro chaulere cha 20.04 chidatha mu 2025. Ofesi yomwe ili ndi kafukufuku wa zaka zingapo iyenera kusankha ya LTS.

Komabe lonjezo la chisamaliro limadalira amene akulipereka. CentOS 8 idalonjezedwa chisamaliro mpaka 2029, koma mu Disembala 2020 kudalengezedwa kuti chidzatha kumapeto kwa 2021. Mabungwe ambiri adasamukira mwachangu ku Rocky Linux ndi AlmaLinux. Choncho nkofunika kufunsa kuti ndani akuisamalira pulogalamuyo, ndiponso ngati adasungapo malonjezo ake m'mbuyomu.

Tsono mkulu wa ofesi alembe tsiku lomwe chisamaliro chidzathe, monga momwe amalembera pa botolo la mankhwala, ndi kulimata pa kompyutapo. Kusintha pulogalamu kuchitike m'chilimwe, ntchito yokolola itatha ndipo mvula isanayambe, pamene alangizi sadatanganidwe. Ubuntu LTS yokonzedwa koyamba kawirikawiri imatuluka mu Ogasiti, nthawi yomwe ndi yoyenera kuno. Asanasinthe, zonse zosungidwa azikopere pamalo awiri osiyana, ndipo ayese kaye pa kompyuta imodzi. Kumadera komwe intaneti ndi yodula, ofesi imodzi ingathe kukopera pulogalamuyo pa fulashi ndi kugawira maofesi oyandikana nayo.