Pomwe Panagwa Bomba Pamera Nthochi

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1970, Bonnington Square anali malo oti ukadutsapo madzulo unkayenda ndawala. Ndi kadera kakang'ono ku Vauxhall, kummwera kwa mtsinje wa Thames, pansi pa khonsolo ya Lambeth mu London. Nyumba zake ndi zanjerwa, zosanjikizana, zogundana khoma ndi khoma, ndipo zinamangidwa m'zaka za m'ma 1870 kuti muzikhala mabanja a anthu ogwira ntchito za njanji. Pakona pena panali bwinja. Bomba la pa Nkhondo Yachiwiri ya Dziko Lonse linagumula nyumba zingapo pamenepo, ndipo malowo anangokhala tchire, agalu n'kumadzithandizirapo.

Koma chimene chinapha dera lonselo si bomba ayi, ndi pulani ya boma. Khonsolo yaikulu ya mzindawo, Greater London Council, inagula nyumbazo mokakamiza m'malo mwa bungwe lake loyang'anira maphunziro, Inner London Education Authority, n'cholinga chozigwetsa kuti pamangidwe sukulu. Anthu anasamutsidwa, zitseko ndi mawindo zinakhomedwa, makiyi anapita ku ofesi. Mwini golosale mmodzi wochokera ku Turkey anakana kuchoka, anapita kukhoti, ndipo kugwetsa kuja kunaima. Sukulu sinamangidwe. Nyumba zinangoti zii, madenga n'kumadontha, matabwa n'kumaola, pomwe mumzinda womwewo anthu ankasowa pogona.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 kunabwera anthu amene sanalembe kalata yopempha chilolezo kwa aliyense. Anali achinyamata osowa nyumba, ojambula, oimba, amisiri, ena ochokera kumaiko akutali. Anazula matabwa otseka mawindo aja, analowa, nayamba kukonza. Wodziwa za mipope anabwezeretsa madzi kwa iye ndi kwa anzake oyandikana nawo. Wodziwa za magetsi anachita chimodzimodzi. Wina anakwera padenga kukamata podontha, wina anasenza zinyalala pa wilibala. Nyumba imodzi itakhala bwino, yotsatira inatsegulidwa, mpaka dera lonse linadzaza anthu. Panalibe foromani, panalibe kontirakitala, panalibenso nduna yodzadula riboni.

Ine chimene chimandisangalatsa koposa ndi nkhani ya chakudya. Nyumba zambiri zinalibe khitchini yogwira ntchito, ndiye anthuwo anatsegula malo amodzi ophikira onse, amene anadzatchedwa Bonnington Café. Chapafupi, ku Nine Elms, kuli msika waukulu wa zipatso ndi ndiwo zamasamba, New Covent Garden Market, komwe amalonda ankataya katundu wosagulidwa tsiku lililonse. Anyamata ndi atsikana a pa Bonnington ankakatola tomato, kabichi, anyezi ndi mbatata zabwinobwino zomwe zinali kupita kudzala, n'kubwera nazo kudzaphika mphika waukulu woti aliyense adye pamtengo wochepa. Kwa zaka zambiri malo odyerawa anayenda ndi ophika osinthana, lero uyu, mawa wina, aliyense ndi kaphikidwe ka kwawo. Anatsegulanso sitolo ya zakudya ndi malo oimbira ndi kuvina. Dera limene ofesi inalilemba kuti lagwa kale linkanunkhira anyezi wokazinga.

Kuti timvetse chifukwa chake nkhaniyi ndi yaikulu kuposa nyumba zokonzedwa, tiyenera kumva zomwe anthu okana ulamuliro wa boma, otchedwa ma-anarchist, akhala akunena. London amawadziwa bwino anthu amenewa. Peter Kropotkin, mwana wa banja lachifumu ku Russia komanso katswiri wa za malo, anathawa m'ndende ku St Petersburg mu 1876, ndipo mu 1886 anakhazikika ku England, poyamba ku Harrow, kenako ku Bromley. Chaka chomwecho iye ndi Charlotte Wilson anayambitsa nyuzipepala ya Freedom. Sitolo ya mabuku ya Freedom Press ilipo mpaka lero m'kanjira ka Angel Alley ku Whitechapel, ngakhale kuti adani anaitentha mu February 2013. Buku la Kropotkin lakuti Mutual Aid linatuluka mu 1902, ndipo mfundo yake inali yakuti nyama ndi anthu zapulumuka kwambiri chifukwa chothandizana, osati chifukwa chodyana zokhazokha.

Kwa anthu amenewa, boma si dzina lina la anthu onse monga amanenera andale pamsonkhano. Ndi kagulu kochepa kamene kanadzitengera mphamvu yolamula, yokhometsa msonkho, yogwira ndi kutsekera, ndipo kamaletsa wina aliyense kukhala ndi mphamvu zimenezi. Iwo samati aliyense wogwira ntchito m'boma ndi woipa mtima. Akuti vuto ndi pomwe boma laima: limaona zinthu lili patali, pamapu ndi m'mafayilo, ndipo amene amapanga chiganizo si amene adzagone m'nyumba yodontha chiganizocho chikalakwika. Mkulu amene analemba mzere wozungulira Bonnington Square sanataye tulo ngakhale usiku umodzi nyumba zija zitaola. Choipitsitsa, akutero, n'chakuti boma likakhalitsa limaphunzitsa anthu kudikira, mpaka amaiwala kuti manja ali nawo.

Ife Amalawi mawu amenewa sayenera kutidabwitsa. Boma linafika kwathu ndi msonkho wa nyumba m'zaka za m'ma 1890, ndipo munthu wosowa ndalama yamsonkho ankapita kukagwira ntchito m'minda ya azungu. Thangata wa m'maesiteti a ku Chiradzulu ndi amodzi mwa mavuto amene anadzutsa John Chilembwe mu January 1915. Komanso tikudziwa bwino mmene zinthu zimayendera popanda lamulo la ku Capital Hill. Maliro akachitika pamudzi, adzukulu amalawirira kumanda ndi makasu, amayi amasonkha ufa ndi nkhuni, achinyamata amatunga madzi, ndipo anthu mazana amadya osaona wapolisi kapena kalata ya kwa DC. Chipereganyu chimayenda ndi kukhulupirirana basi. Komabe tsegulani wailesi madzulo: mjigo ukathyoka, mawu oyamba ndi akuti tikupempha boma litiganizire. Mawu amenewa amandiwawa, chifukwa amene akuwanena ndi omwe aja aika maliro mwadongosolo dzulo lake.

Colin Ward, wobadwira ku Wanstead mu 1924, ndiye anaiika mfundoyi poyera kwa anthu a mu London. Anali mkonzi wa magazini ya Anarchy kuyambira 1961 mpaka 1970, ndipo mu 1973 anatulutsa buku lakuti Anarchy in Action. Iye sankalota za tsiku lalikulu lodzagwetsa boma. Ankati moyo wopanda wolamula ulipo kale pakati pathu, paliponse pomwe anthu agwirizana okha kuchita chinthu, ndipo ntchito ndi kuukulitsa. Pa za nyumba ankalimbikira chinthu chimodzi, kuti wokhalamo ndiye aziyendetsa. Anthu olowa m'nyumba zosiyidwa anali atayamba kale kuchita zimenezi: gulu la London Squatters Campaign linayamba mu 1968, ndipo chaka chotsatira linkalowetsa mabanja osowa pokhala m'nyumba zopanda anthu za khonsolo ya Redbridge. Si onse a pa Bonnington ankadzitchula ma-anarchist, ndipo ambiri ankangofuna pogona. Ward akanati n'chimene ankanena chimenecho.

Bwinja lija linadikira mpaka 1990. Chaka chimenecho kontirakitala wina anapempha khonsolo kuti azisungirapo zipangizo zake, ndipo anthu a m'deralo atamva anathamanga n'kupanga bungwe lawo, Bonnington Square Garden Association, kuti malowo akhale munda wa onse. Mu 1994 munda unakonzedwa, ndipo mmodzi mwa amene anathandiza kuulinganiza anali Dan Pearson, katswiri wa minda yamaluwa amene ankakhala konko. Anautcha Pleasure Garden pokumbukira Vauxhall Pleasure Gardens, malo otchuka achisangalalo amene anatsekedwa mu 1859. Ukalowa pakageti kake, phokoso la mabasi a pa Vauxhall limatsalira kumbuyo. Nsungwi zakula kupitirira munthu, mitengo yonga kanjedza yatambasula masamba, ndipo nthochi, inde nthochi, zaima m'dziko lachisanu ngati zili ku Thyolo. Kukhoma kwatsamira gudumu lalikulu lachitsulo la m'zaka za m'ma 1860, limene analipulumutsa ku fakitale yodula miyala ya mabo ya chapafupi, ndipo zomera zoyanga zalikwera. Pali mabenchi okhalapo agogo ndi malo osewerera ana.

Anthuwo sanalekere pomwepo. Anatulutsa mundawo kunja kwa mpanda, anadzala mitengo ndi maluwa m'mbali mwa misewu ndi pakhomo lililonse, mpaka nyumba zina zinabisika m'masamba. Chakufupi kulinso Harleyford Road Community Garden, umene anthu anayamba kulimapo ndiwo pamalo otayidwa mu 1984. Ndipo taonani izi: mu 1994 momwemo, chaka chimene ife tinaponya voti pa chisankho choyamba cha zipani zambiri pambuyo pa ulamuliro wa chipani chimodzi, chinyumba cha akazitape a boma la Britain, a MI6, chinatsegulidwa pa Vauxhall Cross, mtunda woti munthu amayenda pansi mphindi zochepa kuchokera pamundawo. Uko kuli mipanda, makamera ndi alonda. Kuno geti limatsegulidwa kwa aliyense wodutsa.

Wina anganene kuti boma linathandizapo, ndipo n'zoona. Ndalama zokonzera munda mu 1994 zinachokera ku thumba la boma ndi khonsolo. Anthu aja anapanganso kopaletivi ya nyumba, anakambirana ndi akuluakulu a maphunziro kuti azichita lendi movomerezeka, ndipo mu 1998 khonsolo ya Lambeth inalola kuti nyumbazo zigulidwe. Koma tiyang'ane chimene chinayamba. Anthu anamata madenga, anaphika, anadzala, ndipo boma linabwera pambuyo kudzasainira chinthu chimene linachipeza chili moyo kale, pogwiritsa ntchito ndalama za misonkho ya anthu omwewo. N'zoonanso kuti kuyendetsa zinthu popanda bwana kumafuna misonkhano yaitali ndi kupirirana, komanso kuti dera litakongola mitengo ya nyumba inakwera moti wachinyamata wosauka wa lero sangalowepo mosavuta. Zimenezi ndi zopweteka, koma sizichotsa chimene maso akuona: nyumba zimene zinalembedwa kuti zigwe zaima, muli mabanja, ana abadwiramo n'kukuliramo.

Boma nalo linaphunzirapo, koma phunziro lolakwika. Kuyambira pa 1 September 2012, kulowa m'nyumba yogonamo yosiyidwa popanda chilolezo ndi mlandu ku England ndi Wales, ndipo munthu akhoza kukhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Zimene zinapulumutsa Bonnington Square lero zingakumangitse. Kusiya nyumba ikuola anthu akugona panja si mlandu wotengera munthu kundende. Bungwe la Advisory Service for Squatters, limene linayamba mu 1975, likupitirizabe kulangiza anthu za malamulowa kuchokera ku Angel Alley komwe kuja.

Nanga mabungwe amene ankafuna kugwetsa dera lija ali kuti? Apa ndiye ndimaseka ndi mtima wonse. Greater London Council inathetsedwa ndi boma la Margaret Thatcher mu 1986. Inner London Education Authority inatsatira mu 1990. County Hall, chinyumba chachikulu m'mbali mwa Thames momwe munali maofesi awo, lero muli mahotela ndi malo oonetsera nsomba, ndipo alendo amalipira kuti akaone ma shaki akusambira. Pa Bonnington Square, anthu okhala pomwepo amatulukabe ndi mafosholo ndi zodulira nthambi, osalipidwa, kukasadza nsungwi ndi kusesa masamba, ana awo akuthamangitsana kuzungulira gudumu lija.